Chiwaya cha Mkuwa ndi Mabotolo Awiri a Dothi

Ine Ragel Skippers sindinagonjepo pa malonda. Funsani aliyense ku Roggeveld kuno. Ngakhale wamalonda uja ankayenda m'mafamu ndi ngolo ya nsalu, ankati akaona denga la nyumba yanga, amakwapula abulu ake kuti adutse msanga.

Ndiye tsiku lomwe ndinaona chiwaya cha mkuwa chitapachikidwa pakhoma kwa Ousi Trui Baadjies, ndinadziwiratu kuti chimenechi chikagona kwanga. Ousi Trui, paja kuno mayi wamkulu timamutchula kuti Ousi, anali mayi wamasiye wa pafamu yoyandikana nafe, kuseri kwa chitunda, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi. Chiwayacho anapatsidwa ndi adona a pafamupo pamene ankataya katundu wa malemu apongozi awo. Chinali chozungulira, chivindikiro chake chobooledwa timaluwa, mpini wa mtengo wakuda wotalika kufika pachifuwa panga. Akale ankathiramo makala a moto n'kumachiyendetsa pakati pa zofunda, kuti munthu akamalowa apeze bedi lofunda kale. Ousi Trui anachikwecha ndi phulusa mpaka umadziona mano.

Unali mwezi wa Januwale, dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo palibe amene amaganiza za chisanu, ndipo zinthu za chisanu zimagulidwa bwino nthawi yomweyo.

"Ousi Trui, chitsulo icho chikungodya malo pakhoma," ndinatero. "Akangaude amangamo nyumba."

"Akangaudewo ndi anga. Wabwera kudzamwa khofi kapena kudzayendera katundu wanga?"

"Ndili ndi mabotolo awiri a dothi aja anasiya apongozi anga. Inu ndi mapazi anu ozizirawo angakuthandizeni."

Mabotolowo anali osaoneka bwino, ofiirira, olemera, pakamwa pali chotsekera chopota. Umathiramo madzi otentha, kukulunga m'sokosi n'kuika kumapazi. Limodzi linali ndi kamng'alu pakhosi, ndipo linkadontha ukaligoneka. M'mawa wa tsikulo ndinali nditamata kamng'aluko ndi sopo kuti kasaoneke.

Ousi Trui anayamba n'kufuna mabotolo onse awiri, nkhuku yoikira ndi mitanda isanu ya sopo wanga wa mafuta a nkhosa. Ndinaseka mpaka kutsamwa khofi. Ndinaimirira, ndinafika pakhomo, ndinabwereranso. Dzuwa likupendeka tinamaliza: mabotolo awiri ndi mtanda umodzi wa sopo.

"Tenga," anatero, osachiyang'ananso n'komwe chiwayacho.

Pamenepo ndikanayenera kudabwa. Munthu amene waluza chinthu amachiperekeza ndi maso. Koma ine ndinachinyamula paphewa ngati mfuti, ndipo Lamulungu lotsatira ndinauza amayi onse pakhomo pa tchalitchi kuti Ousi Trui asinthanitsa mkuwa ndi miphika, tsopano azigona ndi miphikayo m'malo mwa mwamuna. Anthu anaseka. Mawuwo anawapeza eni ake tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo tinkangopatsana moni wa pamwamba.

Mu Meyi nkhosa zinatsikira ku Tankwa monga chaka chilichonse, kuthawa chisanu cha kumtunda kuno. Amuna anga a Moos anapita nazo, pamodzi ndi Abram, mwamuna wa mwana wanga Lisbet. Eni famu nawonso anakhoma nyumba yaikulu n'kutsika. Ine ndinatsala kuyang'anira nkhuku ndi mpope wamphepo. Lisbet anali ndi pathupi poyamba, tikuyembekeza mwana mu Sepitembala nkhosa zikamabwerera. Ndinakana kuti akwere ngolo m'njira ya miyala yotsikira ku Tankwa. Anatsala ndi ine.

Chisanu choyamba chitagwa ndinatsitsa chiwaya changa. Kuno mitengo kulibe. Nkhuni zathu ndi ndowe za nkhosa, zomwe timadula m'khola ngati njerwa n'kuziumitsa pakhoma. Pamoto pansi pa chumuni zimayaka bwino, buledi amapsa, nyama imapsa. Ndinatapa makala ake, ndinatseka chivindikiro, ndinalowetsa m'zofunda. Makala a ndowe si makala a mtengo. Anayamba kufuka, utsi wachikasu ukutuluka m'timaluwa tija, kenako anangophwanyika kukhala phulusa bedi lisanafunde n'komwe. Ndinayesa kachiwiri ndi makala ambiri. Bulangete langa labwino linatuluka ndi chibowo chokwana nkhonya.

"Amayi, bedi likununkha khola," anatero Lisbet.

"Tseka pakamwa. Ukufuna amve kuseri kwa chitunda?"

Ndinachibwezera pakhoma. Loweruka lililonse ndinkachikwechabe ndi phulusa. Ine ndi Lisbet tinkagona bedi limodzi, titafunda zikopa za nkhosa, tikufunditsana ndi misana.

Pakati pa Julaye chipale chofewa chinagwa masiku atatu osalekeza. Msewu wa ku tawuni ya Sutherland unakwiririka, mpope unauma gwa. Madzulo a tsiku lachitatu Lisbet anagwira m'chiuno n'kundiyang'ana.

"Amayi, si nthawi yake."

"Ukuuza ine? Uza mwanayo."

Miyezi inali isanu ndi iwiri. Ndabereketsa nkhosa zosawerengeka ndi anthu angapo, choncho ndinadziwa chochita. Kanabadwa kamkazi. Kanakwana m'manja mwanga muwiri, khungu lopyapyala mitsempha ikuonekera, kulira kwake ngati kamphaka kali m'thumba. Lisbet anataya magazi ambiri, anangogona akunjenjemera, thupi lake lozizira ngati lachule.

Ndinakaika kamwanako pachifuwa panga m'kati mwa diresi. Pamenepo kankafunda. Koma manja ndili nawo awiri okha. Moto unkafuna ine, Lisbet ankafuna ine, madzi kunalibe mpaka nditasungunula chipale. Ndinatenga bokosi la makandulo, ndinadzazamo ubweya wa nkhosa wochapa, ndinakagoneka pafupi ndi moto. Mbali ya kumoto inkatentha, mbali inayo mphepo yolowa pansi pa chitseko inkakamenya. Ndinathira madzi otentha m'botolo lagalasi, linasweka m'manja mwanga. Ndinawotcha njerwa, ndinaikulunga, ubweya unayamba kununkha kupserera, ndinaiponya panja. Pomaliza, ndi uchitsiru wanga, ndinatsitsa chiwaya chija, ndinathiramo makala n'kuchiika pansi pa bokosi. Utsi unakwera. Kamwana kanatsokomola kawiri, milomo yake inada bii, kanasiya kulira.

Ndinakapuma m'kamwa, ndinakasisita, kanabwerera. Kunja kukuyera, timapazi take tinali tozizira ngati timiyala ta mumtsinje.

Ndinakamangirira pachifuwa pa Lisbet ndi nsalu, ndinawaunjikira zikopa zonse, ndinasonkheza moto.

"Usagone. Ukagona ndikumenya ndikabwera."

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kukagula miphika."

Ndinanyamula chiwaya paphewa. Chipale chinkafika m'mawondo, ndipo ulendo wa theka la ola unanditengera ola lathunthu. Ndinene zoona, chifukwa bodza sindilidziwa kulemba: mdzukulu wanga akufa, ine m'njira monse ndinkakonza malonda m'mutu. Ndiyamba ndi chiwaya chokha. Akakana, nkhuku imodzi. Akalimba, ziwiri. Mbuzi ya mkaka ayi. Ndi mmene ndinabadwira.

Ousi Trui ndinawapeza atakhala pampando, khofi m'manja, mapazi onse awiri ali pa mabotolo a apongozi anga.

"Taonani, mfumukazi ya mkuwa yafika! Wabwera kudzandionetsa mano ako m'chiwayamo?"

"Ndabweza chiwaya chanu. Ndipatseni mabotolo."

"Malonda anatha mu Januwale. Unalengeza wekha pakhomo pa tchalitchi, ndamva kuti anthu anaombera m'manja."

"Ndiwonjezera nkhuku."

"Nkhuku ndili nazo."

"Ziwiri. Zoikira."

Anaika kapu pansi, anayamba kuseka mapewa akugwedezeka. "Chanunkha eti? Chawotcha chiyani, bulangete? Ine chinandidyera awiri chaka chatha. Iwe umaganiza ndinachipachika pakhoma chifukwa chiyani? Chimenecho chimafuna makala a mtengo wa minga wa ku Tankwa, osati ndowe zathuzi. Ndinakusiya uzitsitsa mtengo, ndinkangopemphera kuti usasinthe maganizo."

"Mbuzi," ndinatero. "Tengani mbuzi yanga ya mkaka. Ndi kamwana kake komwe."

Kuseka kunatha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zonyowa.

"Ragel Skippers wapereka mbuzi asanapemphedwe? Akufa ndani?"

"Lisbet wachira usiku. Miyezi isanu ndi iwiri. Kamwana kakuzizira."

"Chitsiru cha mkazi iwe! Waima pakhomo panga n'kumanditsatsa nkhuku mwana akuzizira? Pakamwa pakopo Mulungu anakuikira pa ntchito yanji?"

Anali ataimirira kale. Anakhuthula mabotolo, anawakulunga m'thumba pamodzi ndi masokosi a malemu amuna awo, ketulo yawo ndi kasupuni kakang'ono ka mchere. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire, anandimenya padzanja.

"Sindikugulitsa. Mabotolo ndi anga, kumene akupita ndikupita nawo. Iwe ndi phuma lakolo ungamuphike mwana. Nyamula chitsulo chakocho, tichipezera ntchito."

Ndi chiuno chawo chodwala chija anayenda patsogolo panga mpaka kwathu.

Tinapeza Lisbet ali maso, akulira mwakachetechete, kamwana kakupuma pang'onopang'ono. Ousi Trui sanafunse za moni. Ananditumiza panja kukatapa chipale ndi chiwaya. Mpini wautali uja unathandiza: ndinkaima pakhomo n'kumatapa chipale choyera chapatali, kenako n'kuika chiwayacho pamoto. Madzi atawira ndinanyamula ketulo kuti ndithire m'botolo.

"Ika pansi! Dothi lozizira ukalithira madzi owira limasweka. Yamba ndi ofunda, uligwedeze, lidzuke."

Tinatero. Kenako anathira makapu atatu a madzi owira ndi kapu imodzi ya chipale, anatseka, analowetsa m'sokosi, analigunditsa pachikope chawo atatsinzina, milomo ikuyenda.

"Mukupemphera kapena mukugwira ntchito?"

"Ndikuimba ndime imodzi ya nyimbo ya m'buku. Chikope chikapirira ndime yonse, mwana apirira. Dzanja lako lili ngati chikopa cha ng'ombe, usayesere dzanja."

Anatenga botolo lachiwiri. Ndinaliona kuti ndi lija la kamng'alu. Ubweya ukanyowa m'bokosi, kamwana katha.

"Limenelo musaike. Limadontha pakhosi. Ndinamata ndi sopo tsiku la malonda lija."

Lisbet anatembenuza mutu kundiyang'ana. Ousi Trui sanadzutse n'komwe nkhope.

"Ndinadziwa usanafike n'komwe pachitunda. Madzi oyamba anatuluka thovu. Ndinalimata ndi phula n'kulimanga ndi kachikopa, chisanu chonsechi silinadonthe. Koma wachita bwino kunena. Lisbet mwanawe, lemba tsiku la lero, amayi ako aulula."

Lisbet anaseka, kuseka kofowoka, koyamba chibadwire mwanayo.

Anaika botolo limodzi mbali iyi ya bokosi, lina mbali inayo, pakati pa botolo ndi mwana ubweya wokhuthala zala zitatu. Bokosi analichotsa pafupi ndi moto n'kulikweza patebulo pomwe mphepo ya pansi sifika. Lamulo lawo linali lakuti mabotolo asasinthidwe nthawi imodzi. Limodzi likamazirala, linalo likhale lidakali ndi mphamvu. Choncho tinkachotsa la kumanja, patapita nthawi la kumanzere, usana ndi usiku. Wotchi tinalibe. Ousi Trui anadula timizere pa kandulo, lawi likafika pamzere, botolo lisinthidwe.

Dzuwa lisanafike pamutu, ndinagwira timapazi tija. Tinali tofunda. Ndinangotuluka panja ngati ndikukaona nkhuku.

Kuyamwa sikankatha. Lisbet ankafinyira mkaka m'kapu, Ousi Trui n'kumadonthezera pakamwa ndi kasupuni ka mchere, dontho limodzi, kudikira, dontho lina. Ine ntchito yochedwayo inkanditopetsa. Tsiku lina ndinati tithire madzi owira okhaokha kuti botolo likhalitse, tipumeko.

"Ukufuna kupuma? Ukapuma kumanda. Bweretsa chikope chako kuno."

Anandigunditsa botolo pachikope n'kundiimbitsa ndime yonse, Lisbet akumvetsera. Mawu anga ndi a khwangwala. Kamwana kanatsegula maso koyamba nthawi imeneyo, ndipo Ousi Trui anati katsegula kuti kaone chimene chikuphedwa.

Bedi linali limodzi, la Lisbet. Ife awiri tinkasinthana pa chikopa pafupi ndi moto. Mayi wachikulire uja, amene kwawo akanagona mapazi ali pa mabotolo, ankadzuka m'mawa chiuno chitauma, akugwira khoma kuti aimirire. Sanadandaule za chiunocho ngakhale kamodzi. Ankadandaula za khofi wanga. Pa tsiku lachisanu anatsuka chiwaya, anathiramo khofi wosakazinga, anatseka chivindikiro n'kumachigwedeza pamoto atakhala patali, mpini uli m'manja. Fungo linkatuluka m'timaluwa tija. Khofi wokoma ngati ameneyo ndinali ndisanamwepo chibadwire.

"Waona? Chili ndi ntchito. Kungoti mwini wake analibe nzeru."

Msewu unatseguka patatha masiku asanu ndi anayi. Tinatuma uthenga ndi munthu wokonza mipanda, ndipo namwino wa boma anabwera pa lole. Anavundukula bokosi, anagwira mwana, anagwira mabotolo, anafunsa kuti wakonza zimenezi ndani. Ine ndinaloza ndi chibwano. Anati mwanayo asanyamulidwe kupita kulikonse m'chisanu chimenecho, tipitirize momwemo. Anamupatsa Lisbet mankhwala owonjezera magazi n'kumapita.

Ousi Trui anakhala kwathu masabata asanu ndi limodzi. Nkhuku zawo ndinkakazidyetsa ine. Loweruka lililonse tinkamuika mwana pa sikelo yanga yoyezera sopo. Anayamba osakwana mapaundi atatu. Tsiku lomwe muvi unadutsa asanu, anagwira bere yekha, ndipo madzulo ake analira mokweza mpaka tambala anayankha panja. Ousi Trui anamanga thumba lawo. Botolo labwino analisiya m'bokosi, anatenga la kamng'alu.

"Ndakubwereka, sindinakupatse. Ndikadzamva kuti wasinthanitsa ndi mphika wa golide, ndidzakudula makutu."

Nkhosa zinakwera mu Sepitembala. Abram anabwera akuyembekeza kupeza mkazi wa mimba, anapeza mwana wa miyezi iwiri akumuyang'ana. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, chipewa chili m'manja. Dzina ndinasankha ine ndipo palibe anatsutsa: Gertruida, dzina lonse la Ousi Trui. Eni dzina atamva anangoti dzinalo n'lalitali kuposa mwanayo.

Mbuzi ndinaipereka ndithu. Ndinaikoka mpaka kuseri kwa chitunda, ndinaimangirira pakhomo pawo. M'mawa ndinaipeza pakhomo panga. Ndinaipititsanso, inabwereranso. Ulendo wachitatu mbuziyo inkatsogola yokha. Ousi Trui anatuluka atagwira m'chiuno.

"Ragel, ukuivutitsiranji mbuzi? Mkaka umenewo amwe Lisbet. Unene zikomo basi, sulumidwa."

Ndinaima pamenepo chingwe chili m'manja. Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa munthu wochita naye malonda.

"Zikomo, Ousi Trui."

"Sindinamve, khutu ili ndi lakufa."

"Ndati zikomo!"

"Eya. Lamulungu ukanenenso pakhomo pa tchalitchi, paja mawu ako amamveka bwino pamenepo."

Ndinakanena. Ndinanena zonse, za bulangete, za sopo wa pa mng'alu, za nkhuku ziwiri zoikira. Anthu anaseka kuposa ulendo woyamba, ndipo ndinawalola.

Kuyambira chaka chimenecho, nkhosa zikatsika mu Meyi ndinkapita ndi ngolo ya bulu kukawatenga Ousi Trui kuti adzathere chisanu kwathu. Zaka khumi ndi zinayi ndinawathirira mabotolo madzulo aliwonse, makapu atatu owira ndi imodzi yozizira, ndipo madzulo aliwonse ankagunditsa pachikope n'kunena kuti ndalakwitsa. Atadwala matenda omaliza anaitana abusa, anawauza pamaso panga kuti mabotolo onse awiri ndi a Gertruida.

"Osati agogo akewa. Awa angagulitse."

Gertruida tsopano ndi mayi wa ana atatu, wamtali kuposa bambo ake, ndipo amakhala pafamu yomwe ija ya kuseri kwa chitunda. Chiwaya chidakali kwanga, chada ndi khofi, ndinasiya kuchikwecha. Chisanu chikayamba mapazi anga amazizira ngati a Ousi Trui, choncho ndimakwera chitunda ndi ndodo kukabwereka botolo kwa Gertruida. Amandipatsa la kamng'alu, ndipo mu Sepitembala ndimabweza.